Wa pa Windo

Holo ya ku Matawale ilibe siling'i,
malata okhaokha ndi mitanda yakuda.
Ndinaliyang'ana dengalo kamera ikadali m'chikwama,
ndinadziwiratu: ili silibweza kuwala, limameza.
Ndiye ndinatenga khadi yoitanira anthu ku ukwati womwewu,
n'kuitembenuza, n'kuimanga ndi mphira kumutu kwa fulashi.
Inayo ndinampatsa Dayitoni, mphwanga, pa ndodo:
uime pakona apo, uloze kumene ndaloza,
ndipo chonde usavine.

Ntchito yathuyi ili ndi mlandu wosatha,
diresi yoyera ndi nkhope yakuda m'chithunzi chimodzi.
Ukakondera diresi, nkhope imalowa m'chitsime.
Ukakondera nkhope, diresi imapsa,
mikanda yonse imene telala wa ku Chinamwali
anasokera maso ali gwa mpaka tambala
imasanduka ufa.
Ine ndimasankha nkhope. Atelala andikhululukire.

Mkwatibwi dzina lake Ndaziona.
Nkhoswe yake inandikokera pambali m'mawa:
pa chithunzi cha banja aima ndi amalume,
za bambo musafunse.
Sindinafunse. Amandilipira kuona, osati kufunsa.

Cha m'ma folo koloko mvula inatsika phiri
ngati nayonso inalandira khadi,
magetsi n'kuthima perekani-perekani ili pakati,
akuchikazi atangodzuka kumene.
Jenereta inatsokomola kawiri n'kugona.
Palibe anakhala pansi.
Amayi a Mvano anaiyamba ya pakamwa, m'manja wawawa,
ndipo holo yonse inatsala ndi mphezi imodzi,
ya m'manja mwangamu.

Ng'ani!
Faifi handede yaima m'malere pamwamba pa velo, siikugwa.
Mdima.
Fulashi ikulira ngati udzudzu, ikusonkhanitsa mphamvu,
ndikuwerenga chamumtima, mabatire akutentha chikhatho.
Ng'ani!
Mkwati, a Makwinja, thukuta lili mbee pachipumi,
akufunafuna dzanja la mkazi wawo, agwira la wonyamula beseni.
Mdima.
Ng'ani!
Kamwana pansi pa tebulo, chala m'keke mpaka m'chigongono.
Ng'ani!
Dayitoni akuvina.

Sindinkaona chimene ndikujambula.
Ndinkaloza kumene kukumveka nthungululu,
n'kusiya kuwala kukandionera.

Usiku, kwathu ku Chikanda, nsapato zili pakhomo zikudontha,
ndikuzidutsa chimodzichimodzi pa kompyuta.
Maso ofiira ndikuwachiza. Zogwedera ndikutaya.
Ndafika pa 312.

Ndaziona akuseka, mpata wa mano ake uli poyera,
ndalama zikumugwera ngati masamba a m'bawa.
Koma ndodo ya Dayitoni inapotoka ndi gule uja,
kuwala kwake kunaphonya mkwatibwi,
kunatulukira pa windo.

Pali munthu pamenepo.
Panja, pamvula, jekete yomata thupi,
dzanja lalowa pakati pa zitsulo
litagwira thu handede yopindapinda.
Sakuponya. Wangogwira.
Ndakuza chithunzi mpaka chayamba kusweka timiyalamiyala.
Chipumi ndi chomwecho.
Pakamwa patseguka pang'ono,
mpata wa mano ndi womwewo.

Pa 311 palibe. Pa 313 pali zitsulo ndi mvula basi.
Anakhalapo kanthawi kosakwana kuphethira,
ndipo m'holo monse, anthu mazana atatu,
amene anamuona ndi kabokosi ka mabatire anayi.

Kumudula n'kosavuta.
Chala chimodzi, kukoka mzere kuchoka kumanja,
windo lichoka, mkwatibwi atsala pakati bwinobwino,
chithunzi chokongola kuposa zonse za tsikuli.
Ndaukoka mzerewo. Ndaubweza.
Ndaukokanso.

Likangala wadzaza, akumveka mpaka kuno.
Dayitoni wagona ndi tayi m'khosi.
Alubamu imene analipira imalowa zithunzi makumi asanu ndi atatu,
akudzaitenga Lachinayi.
Ndasankha kale zonse,
kupatula chimodzi.