Phazi Lotsala

Ine ndinali wa ng'oma, Gideon.
Zaka khumi ndi ziwiri ndinakhala kumbuyo kwako
ndikuonerera malaya ako akuda ndi thukuta.
Nkhope yako ankaidziwa ndi olipira pakhomo.
Ine ndimadziwa msana.

Tinayambira m'chipinda chapansi cha tchalitchi ku Halifax
momwe munkanunkha malasha ndi mabuku onyowa.
Unabwera ndi kope la masamu
lodzaza ndi mavesi a mlonda wa nyale ya panyanja
amene anaiwala dzina la mkazi wake.
Tinakuseka. Kenako unatsegula pakamwa
ndipo Royston anasiya kutafuna chingamu.

Nyimbo zako zinalibe ulemu ndi wotchi.
Ina inadya mphindi makumi awiri ndi zitatu,
mbali yonse ya chimbale,
a pawailesi nafunsa: tiidule pati?
Iwe unati mtsinje saudula, amawoloka.
Sanaiulutse.

Unkandiwerengetsa mpaka kasanu n'kawiri
pomwe dziko lonse linkavina pa kanayi.
"Pali phazi lomwe likusowa," ndinkadandaula.
"Limenelo ndi langa," unkatero,
osatembenuka n'komwe.

Ukulikumbuka limba lija, lolemera ngati bokosi la maliro,
tikulikweza anthu anayi pa masitepe a ku Hull?
Nanga galimoto yathu itafera pamwamba pa mapiri
chipale chofewa chikugwa,
iwe m'chimkanjo chasiliva
chomwe mayi ako anasoka ndi makatani,
ukukankha, ukutukwana mokoma ngati nyimbo?

Chaka cha mwanaalirenji chinali chimodzi chokha.
Holo ya ku London inadzaza mpaka m'makonde,
utsi wabodza ukukwawa m'miyendo mwathu,
anthu zikwi zitatu ali zii
kudikira kuti ufike pa liwu lija lakumwamba.
Unafika.
Ndinaona msana wako ukunjenjemera
ngati wa hatchi yomwe yamaliza mpikisano.

Kenako kunatulukira anyamata a tsitsi loimirira,
mapini m'makutu, nyimbo za mphindi ziwiri,
ndipo nyuzipepala inatitcha mafupa akale.
Kampani inatumiza kalata ya mizere itatu.
Royston anapita kukagulitsa inshuwalansi.
Ine ndinayamba kuyendetsa basi ya ku Bradford.
Iwe unkayenda khomo ndi khomo kukonza mapiyano,
kugogoda kiyi mmodzi kambirimbiri
m'nyumba za anthu ongokufunsa
ngati umathira shuga mu tiyi.

Koma cholembera sunataye.
Zimbale zisanu ndi zinayi unajambulira m'shedi
pakati pa makasu ndi njinga yopanda tcheni,
n'kumazitumiza wekha pa positi
kwa dokotala wa mano wa ku Utrecht,
kwa amapasa ena a ku Osaka.
Langa linkabwera lopanda kalata.
Sindinayankhepo.

Dzulo ndinakuona ku Todmorden.
Mipando makumi asanu ndi atatu,
mitu ya dazi, mitu ya imvi,
tebulo la tiyi ndi mabisiketi pakhomo.
Kanali koyamba kukhala kutsogolo kwako.
Nkhope yako ndi ya mlendo, Gideon.
Uli ndi maso ang'onoang'ono, ndipo umatsinzina poimba.
Palibe anandiuzapo.

Utafika pa liwu lija
mmero unakana.
Unangokweza dzanja ngati woimitsa basi
ndipo madoda aja anakuimbira,
mosokonekera, wina pamwamba wina pansi,
mayi wina chikhatho pakamwa,
ndodo yake itagwa pansi pa mpando.

Ine sindinaimbe nawo.
Zala zanga zinali pa bondo
zikuwerenga mpaka kasanu n'kawiri,
zikusiya mpata wa phazi lotsala lija
pomwe unkaupeza masiku onse.