Moto wa Batani

Mnyamata wa kampani anabwera Lachiwiri,
nsapato zake zili mbuu ndi chipale chofewa,
nagwada pamalo athu osonkhapo moto,
tepi yoyezera kumanja, tochi kukamwa.
Akuti chumuni yathu yang'aluka m'kati.
Akuti njerwa zatopa. Kani njerwa nazonso zimatopa.
Anatisiyira mapepala awiri patebulo,
lina la nkhuni, lina la gasi:
Sankhani, bambo Koskela, chisanu sichidikira munthu.

Aune sanayankhe. Anangotsokomola.
Chifuwa chija chinayamba mu Novembala,
chimene adokotala a ku Thunder Bay anachimvetsera nthawi yaitali,
n'kufunsa ngati m'nyumba mwathu mumakhala utsi.

Mumakhala utsi, inde.
Zaka makumi anayi ndi zitatu muli utsi,
m'makatani, m'majuzi, m'tsitsi la ana athu
pamene ankathamangira basi ya sukulu kudakali mdima.
Walira moto walira phulusa, ndani sadziwa?

Koma ine nkhuni ndimazidziwa ngati abale.
Mtengo wa khungwa loyera uja ukauma zilimwe ziwiri
sufuna kuupempha, umangoti lawi.
Ndimadziwa m'mawa umene mpweya umaluma m'mphuno,
ndevu zitaundana,
nkhwangwa ikangoti kha, chikuni n'kuti phwa, pawiri,
fungo lake n'kukwera ngati mkate.
Nkhuni zimakufunditsa katatu, ankatero bambo anga:
podula, posenza, pootha.
Sananene za kachinayi,
pamene phewa likuyaka usiku, iwe uli maso kudenga.

Loweruka tinapita kusitolo kukaona wa gasiyo.
Zikuni zake ndi za simenti, zopakidwa mwaye wabodza,
zimayaka chaka chonse osapsa.
Mtsikana wogulitsa anandipatsa rimoti.
Ndinadina: phu!
Ndinadinanso: zii.
Moto womvera chotere ndinali ndisanauone,
ndipo ndinachita nawo manyazi,
ngati galu wamkulu amene amuveka malaya.
Aune anatambasula manja pagalasi,
zala zake zopindika zija,
nakhala pomwepo, osatsokomola, mpaka mtsikanayo anayang'ana wotchi.

Usiku ndinawerengetsa ndalama kuseri kwa envulopu.
Paipi, njerwa, bilu ya mwezi ndi mwezi.
Nkhuni zinapambana. Ndinawerengetsanso, zinapambananso.
Kuchipinda kunamveka chifuwa,
katatu, kenaka kanayi,
ndipo pensulo yanga inalibe poika nambala imeneyo.

Ndinasaina la gasi.

Mulu wa nkhuni ukadali kuseri kwa garaja,
mizere isanu, yolunjika ngati mabuku.
Mwana wa a Desrosiers amabwera ndi wilibala Lamulungu,
amatenga pang'onopang'ono, amati zikomo kawiri,
ndipo madzulo ndimaona utsi wanga
ukutuluka padenga la eni ake.
Nkhwangwa sindinampatse. Asafunse.
M'mawa ndimadzukabe kusanache,
ndavala kale magolovesi ndisanakumbuke
kuti palibe phulusa loola,
ndiye ndimangoima pakhomo, ine ndi mphepo ya kunyanja,
aliyense wopanda ntchito.

Dzulo Aune anadina batani lake.
Malawi anaima mwaulemu, abuluu m'munsi, achikasu pamwamba,
ofanana ndi a dzana, ofanana ndi a mawa.
Kutentha kunabwera, sindinganame, kunafika mpaka m'mafupa.
Koma m'nyumba munali chete,
chete wa m'chipinda chodikirira kuchipatala.
Moto wanu suyankhula, ndinatero.
Iye sananditsutse.

Ndinakoka mpando, ndinayamba kukhala pansi,
ndipo mawondo anga onse awiri
anathetheka: the! the!
Aune anatembenuka, maso ali ngwee.
Ndi umenewotu, anati, moto wa nkhuni uja.
Dzukanso, Reino, usonkhezere.

Anaseka mpaka misozi,
ine ndikudikira chifuwa chimene chimatsata kuseka kwake.
Ndinadikira.
Panja chipale chinkagwabe pamulu wa nkhuni.