Manja Anga Akwera Minibasi

Lachiwiri ndinamva manja anga m'minibasi
pakati pa Chitakale ndi Luchenza.
Ankatuluka m'sipika yong'aluka pansi pa mpando,
pafupi ndi dengu la zinanazi za mayi wina.
Kondakitala anati, "Koma nyimbo iyi yokha!"
natchula dzina la mnyamata woyimbayo.
Ine ndinalipira ndalama yonse ngati wina aliyense,
manja omwewo nditawapinda pamwendo.

Tinaijambula mu Juni, chiperoni chitameza phiri,
m'kachipinda kuseri kwa chigayo cha a Nakhumwa,
makoma omata mathileyi a mazira.
Tinkadikira chigayo chikhale chete,
koma chikakhala chete, nthawi zambiri
ndiye kuti magetsi apita.
Fesitoni, mwana wa makina, anandiveka zam'makutu
momwe munali kanthu kogogoda, the, the, the,
kosatopa, kosapuma, kosadziwa ukwati kapena maliro.
"Tsatirani kameneko, madala, mukuthamanga."
Zaka makumi atatu ndikuutsa fumbi m'mabwalo a tchopa,
lero kachitsulo kandiphunzitse kuyenda!
Ndinakatsatira. Koma pakolasi ndinatsalira pang'ono,
monga umatsalira dala m'mbuyo pochokera kutchalitchi
kuti uyende ndi munthu amene ukumufuna.
Fesitoni anati akonza pakompyuta.
Anaiwala. Ndipo ndi pomwepo
pamene mayi wa zinanazi uja
anagwedeza phewa osadziwa.

Loweruka ndi ukwati ku Bvumbwe.
Lamlungu, mwa apo ndi apo, alendo a ku Likhubula
ofuna kujambula zala zanga, nkhope ayi.
Ndimawamba ng'oma pamoto wa makatoni kuseri kwa holo,
kumata phula pakati pa chikopa,
kugogoda, kutchera khutu, kubwezanso pamoto.
Kukazizira mfundo za zalazi zimatupa.
Mkazi wanga amazithowa ndi madzi amchere
uku akuyeza kunenepa kwa envelopu ndi maso okha.
Ya feteleza sinakwane.
Ya chikopa chatsopano yakwana,
ndipo nkhani imeneyo tikangana mawa.

Koma Lachinayi!
Belu la sukulu likalira komaliza
amabwera khumi ndi anayi, ana a otchola tiyi,
manja onunkha choko ndi utomoni wa mango.
Ng'oma zilipo zitatu.
Otsalawo zigubu za mafuta, chidebe chobooka,
desiki yothyoka mwendo imene ili ndi mawu abwino zedi.
Pabolodi sindilembapo.
Ndimati, nenani kaye pakamwa:
"Ndakana, ndakana, munditenge mawa."
Chimene lilime lalephera, dzanja silingachithe.

Pali kamtsikana kamanzere, Ndaziona Muhiwa,
kamene kamayamba ndi dzanja lolakwika.
Ndinakakalipira miyezi iwiri yathunthu.
Tsiku lina madzulo ndikudutsa pamjigo
ndinamva kayimbidwe kanga katavalidwa chotembenuza,
msoko uli kunja,
koma kakukwana bwino kuposa pa mwini wake.
Anali Ndaziona, pachigubu chopanda madzi,
akudikira mzere wake.
Amayi atatu anali atatula ndowa.
Ndinaima kuseri kwa bulugamu
kuwerenga chamumtima, kusaka pamene walakwitsa.
Sindinapapeze.
Usiku ndinayesa pabondo, kuyamba ndi lamanzere,
kuphonya, kuyambanso,
mpaka mkazi wanga anatembenukira kukhoma:
"Gonani, bambo, nyumba si bwalo."

Amati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.
Yanga yang'ambika kanayi.
Mbuzi zinayi zafera ntchito imeneyi,
ndipo nazonso maina awo sanalembedwe pachimbale.

Lachinayi likubwerali
ng'oma yaikulu ija ndikampatsa Ndaziona,
ine ndikakhala pachigubu.
Chimene ndikanene anyamata akayamba kung'ung'udza
sindinachipezebe.