Nkhoswe ya m'Kabotolo

Zaka makumi atatu ndagona pansi pa malole pano pa Lizulu,
ndipo oyilo analowa m'zikhadabo zanga
ngati mlendo woiwala kutsanzika.
Sopo wamtanda ndamuyesa, mchenga ndauyesa.
Pa maliro a mkulu wanga
ndinapereka moni ndi manja akuda.

Mwezi wa Juni, nkhungu itameza msewu,
Tinenenji anatsika basi
ndi chikwama chimodzi ndi kabotolo kopanda dzina.
Amagwira ntchito ku gombe la madzi amchere
kumene phazi langa silinapondeko.
Akuti amaweta zamoyo zosaoneka ndi maso.
Ndinaseka. Chiweto chanji chosamangika chingwe?

Anati: Ababa, m'nyanja yaikuluyo
muli tizamoyo tochepa kuposa fumbi la pachigayo.
Sitima ikataya mafuta, timathamangira komweko
ngati ana pa lole ya nzimbe yogubuduzika.
Koma mafuta amayandama okha, sasungunuka,
ndiye timatulutsa timadzi toterera
toswa chimtambo chakudacho kukhala timadontho,
kenaka n'kumadya, osafulumira.

Ndinati: Ndiye kuti sopo?
Anati: Sopo, koma wosaphikidwa ku fakitale,
ndipo akatha ntchito amaola ngati tsamba.
Kanthu kake kali ndi manja awiri,
lina ligwira madzi, lina ligwira mafuta,
adani osapatsana moni chilengedwere.
Ndinati: Ameneyo kwathu kuno timati nkhoswe.
Sanaseke. Anangoyang'ana kutsidya kwa msewu.

Kuseri kwa galaja kuli ngalande
yotsikira ku dimba la aNajere.
Madzi ake amavala utawaleza ngakhale mvula isanagwe,
kabichi wa m'mphepete anachita chikasu,
ndipo aNajere akandiona
amalavula kaye asanayankhe.

Tinatunga madziwo m'beseni lothyoka khutu.
Madontho asanu. Zakeyu anatakasa ndi sipanala.
Utawaleza unasweka, madzi anachita mbuu
ngati thobwa wosungunula kwambiri.
Ndinati: Tithire dimba lonse!
Anati: Kabotolo kamodzi sikatsuka dambo.
Anzanga akuyesabe, ena pa nthaka yodwala,
ena m'mankhwala opopera tomato
kuti asamatsetsereke patsamba,
ena m'mafuta odzola a khungu losachedwa kuyabwa.
Inu yambani ndi mgolo.
Oyilo wakutha azilowa mumgolo, osati m'ngalande.

Mwana kulangiza bambo pamaso pa wophunzira ntchito!
Ndinameza malovu. Mgolo ndinagula Loweruka.

Dontho lotsala anandithira m'chikhatho.
Kuterera kwake ndinakudziwa:
chewe.
Masamba amene mayi ake ankatikita pamwala
kutsukira tsitsi lake ali kamwana,
m'chaka chimene sopo anasowa m'magolosale
ife tikadali nyumba imodzi.
Sindinanene. Ndinangotikita manja nthawi yaitali.
Mizere ya m'chikhatho inaonekera,
ija ndinaiiwala kuti ilipo.
Zikhadabo zokha zinakana.

Mayi akewo amagulitsa kachewere
mbali ya Mozambique, mapazi makumi anayi kuchoka pano.
Zaka zisanu ndi ziwiri tsopano
ndimadziwa chitenje chawo chilichonse,
mawu awo okha ndiye ndayamba kuwaiwala.

Tsiku lobwerera, basi isanafike,
Tinenenji anaima pamzere woyera pakati pa phula,
dzanja lina atanyamula jumbo ya mbatata ya amake,
lina akundikodola.
Malole akuliza mahutala mbali zonse.
Zakeyu anati: Abwana, akukuitanani.

Ndinapukuta manja pa ovolosi,
ngakhale anali oyera kale,
n'kuyang'ana kumanja, kumanzere,
kumanjanso.