Wamkaka Kapena Wopanda?

Tambala asanaganize zolira
mbaula ya Nankhoma pa Mchesi yatsegula kale diso lofiira,
ketulo ikung'ung'udza
ngati kondakitala wosowa chenji.

Woyamba kukankha chitseko ndi Gomani, mlonda wa ku Eriya 3,
usiku wonse uli m'zikope.
Kwa iye uwu ndi mgonero.
Amasunsa sikono mpaka chala kunyowa,
n'kuwodzera, kapu ili m'manja.

Kenako a kabaza, mame m'matayala,
akalipentala onunkhira utuchi wa dzulo,
amayi a tomato othamangira ku Lizulu
omwe amamwa chiimire,
mwana kumsana akusuzumira m'mbale ya shuga.

"Wamkaka kapena wopanda?"
Funso limeneli limadziwa m'thumba mwa munthu
kuposa mkazi wake.
Mwezi ukafika pakati tonse ndife a wopanda,
ndipo palibe amasuzumira kapu ya mnzake.

Kuseri kwa shelefu kuli kope la masamu
lomwe mwana wake anasiya ali Sitandade 6.
M'menemo ndi momwe timagona ife.
Langa dzina lili patsamba lachitatu, lodulidwa, lolembedwanso.
Zikomankhani anatisiya mu Juni
ali ndi makapu asanu ndi anayi osalipira.
Nankhoma anangolemba kamtanda pambali
n'kutumiza paketi ya shuga kusiwa.

Ganyu amabadwira pa benchi ili.
"Kuli maziko ku 49, ndikufuna atatu!"
Atatu anyamuka, lilime likadapsa.
Nyumba ya lendi ku Kawale ndinaimvera pano.
Zoti Esinati wakwatiwa ndinazimveranso pano;
tsiku limenelo ndinathira masupuni anayi,
tiyi osatsekemera.

Soketi ndi imodzi, mafoni asanu ndi awiri,
ndiye timadikirana ngati kuchigayo,
tikukangana za mpira, za mtengo wa feteleza,
za mvula yomwe yagwa ku Chinsapo n'kutilambalala.
Magetsi akazima mkangano umatha:
tonse tapeza wom'dandaula mmodzi.

Masana benchi limapuma.
Wayilesi imawerenga mauthenga a maliro,
Nankhoma n'kumawerenga makobidi
kawiri, ngati angaswane.

Lolemba kunabwera anthu a zipewa zolimba
ndi chingwe choyezera msewu.
Anasiya mtanda wofiira pakhoma,
waukulu kuposa wa Zikomankhani.
Tonse tinati zii, masupuni okha akulira.

Iye anauyang'ana, anapukuta manja pachitenje,
nati, "Ketulo ili ndi chogwirira."
Kenako anatembenukira kwa ine:
"Nanga iwe lero, wamkaka kapena wopanda?"