Zulu Zachikasu

Lolemba loyamba anandipatsa chipewa cholimba,
jombo zoposa phazi langa,
ndi bokosi la mabotolo makumi awiri opanda kanthu.
Digiri yanga ya za miyala inatsala ku Rosettenville,
m'sutikesi, pansi pa bedi la lendi.

A Van Tonder amayendetsa pikapu osayankhula.
Tinadutsa Booysens, n'kukhotera ku Riverlea,
ndipo zinatulukira: zulu zachikasu
zotalika kuposa tchalitchi cha kwathu ku Ntcheu.
Chiswe chake chinali anthu.

Mmodzi mwa chiswecho anali a Lufeyo, bambo a mayi anga.
Anakwera ndege ya Wenela ali mnyamata,
anabwerako ndi njinga, jekete la ubweya
ndi chifuwa chimene sichinawasiye.
Joni iwo ankamudziwa kunsi kokha.
Ine andituma pamwamba
kudzayeza zimene iwo anafukula.

Ku Zomba miyala inali yaulemu.
Inkakhala patebulo, uliwonse ndi nambala yake,
tinkainyambita kuti ionetse mtundu.
Kuno mwala anaupera kale, ndi ufa,
mphepo ya Ogasiti ikuuwaza m'maso,
pa matewera oyanika,
pa buledi wa mwana wopita kusukulu.

Ndagwada pa ngalande.
Madzi ake ndi dzimbiri lokhalokha.
Mulibe chule, mulibe mbululu,
ngakhale udzudzu unanyanyala.
Ndaviika kachipangizo, nambala yatsika, yatsikanso,
yaima pamene mandimu amaima.
Tsuka botolo katatu, akutero a Van Tonder.
Lemba nthawi. Lemba malo.
Za mumtima mwako zilibe mzere pafomupa.

Kenako mayi Dladla, ndowa m'manja,
kumbuyo kwawo kadimba ka sipinachi
kotchinga ndi zitseko zakale za firiji.
Afunsa m'Chizulu chimene ndimangotola nyenyeswa zake,
koma ndowayo yandimasulira:
ndithirire kapena ayi?
Ndayankha mmene anandiphunzitsira dzulo lomweli:
zotsatira zituluka pakatha masabata atatu,
ndipo lipoti ndi la kampani imene yatituma.
Aseka opanda mkwiyo.
Mnzako wa chaka chatha, akuti, anali ndi jombo ngati zomwezo.

Madzulo ku Braamfontein, nsanjika yachisanu ndi chiwiri,
ndikuphunzira kuti tsiku limagulitsidwa mobenthula,
mphindi khumi ndi zisanu pamulu, ngati tomato,
mulu uliwonse ndi woulipira wake.
Nthawi imene ndinaima ndi mayi Dladla
ilibe woigula.

Ndinalemba kuti madziwo ndi oopsa.
Cholembera chofiira chadutsapo:
opitirira mlingo wovomerezeka.
Chichewa ndinayamwira, Chingerezi ndinakhomera mayeso,
Chizulu ndikutola m'minibasi,
ichi ndi chachinayi,
chiyankhulo choyenda chonyang'ama
kuopa kudzutsa maloya.
Komabe a Van Tonder sanakhudze nambala ngakhale imodzi.
Nambala ndiye mano, anatero, osandiyang'ana.
Zikakhala zoona, tsiku lina zidzaluma.

Mayi aimba foni.
Ndiye walowa mumgodi ngati agogo ako?
Ayi mayi, ndimayeza zimene mgodi unasiya.
Chete pang'ono, kumbuyo nkhuku zikulira.
Nanga zosiyidwa zimalipira?
Lendi, thiransipoti, ndi thumba limodzi la fetereza wanu.
Basi, gwira ntchito, usamayankhe mabwana.

Lachisanu tabwereranso.
A Van Tonder atsalira kupikapu, akuti akusaka batire,
akuisaka nthawi yaitali modabwitsa.
Mawu awiri ndinapempha kwa mlonda wa pageti,
ndawaloweza usiku wonse ngati vesi.
Ndaloza ngalande, ndaloza sipinachi, ndawatchula mokhota.
Mayi Dladla andikonza katchulidwe,
kenako ayang'ana mpopi wa kutsidya kwa msewu,
kutalika kwake, kulemera kwa ndowa.

Botolo lakhumi ndi chitatu ndalitsuka katatu.
Ndalemba nthawi. Ndalemba malo.
Mphepo yadzukanso pachulu,
fumbi landilowa kukhosi,
ndatsokomola kamodzi kokha
ndipo ndawamva a Lufeyo.