Mundiyeretseko Pang'ono

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikujambula nkhope
m'kachipinda kanga ka ku Chibavi,
kuseri kwa ogulitsa makala.
Nsalu yabuluu kukhoma, mpando umodzi, galasi lobenthuka pangodya.
Wa pasipoti, wa chiphaso cha mayeso,
wokwera basi ya ku Joni Lachinayi,
aliyense asanadzuke amanong'ona zomwezo:
"Bwana, mundiyeretseko pang'ono."
Chala changa chidazolowera.
Ndimakankha kamzere pakompyuta
mpaka mphuno itasungunuka,
mpaka munthu atafanana ndi msuweni wake wodwala.

Loweruka lija ndidalowa pothawa mvula,
yowaza ija ya kuno ku Mzuzu, yosadziwa kutsanzika.
Holo ya ku Katoto, mipando yapulasitiki,
chinsalu choyera chokokedwa ndi zingwe.
Pakhomo, Vinjeru wa ku yunivesite:
"Chikondwerero cha makanema, bambo. Lowani, n'chaulere."

Woyambawo sindidamve chilankhulo chake,
mawu olembedwa pansi ankathamanga kusiya maso anga.
Mayi wina kutsidya kwa nyanja zamchere,
kumene makolo ake adatsikira ali m'maunyolo,
akuluka tsitsi la mwana pakhonde.
Basi.
Popanda mfuti, popanda galimoto yogubuduka.
Kamera idakhazikika pakhosi pake osaphethira,
ndipo ndidaona zimene ndakhala ndikufufuta:
khofi wokazinga pachipumi,
mabulosi akupsa m'munsi mwa chibwano,
patsaya kung'anima kwa phiko la khwangwala,
dothi lonyowa la ku Mchengautuwa m'zikhato.
Wojambula uja sadathamangitse mdima.
Adaupatsa mpando.

Wachiwiri unali wa mnyamata wobadwira ku Ulaya
amene tsiku lililonse ankamufunsa,
"Koma kwanu kwenikweni n'kuti?"
Atangotsegula pakamwa kuti ayankhe, magetsi thii!
Holo yonse, "Aaa!"
Mumdimamo Fwasani wa kabaza adayankhula osadzuka:
"Funsolo ndikulidziwa.
Ku Joni adandigwira mkono, nauyang'ana ngati nyama ya pamsika,
akuti kuda kotere si kwa kuno.
Ondinenawo, akuda anzanga."
Palibe adaseka.
NyaKumwenda, wogulitsa mafuta oyeretsa khungu ku Taifa,
ndidamuona ndi kuwala kwa foni
akubisa zala zake zamawanga m'chitenje.
Panja jenereta idatsokomola kawiri, kachitatu idavomera,
koma kanema adayambira patsogolo.
Yankho la mnyamata uja lidapita ndi magetsi.

Wachitatu, ndisaname, ndidagona.
Ndidadzidzimuka anthu akuwomba m'manja,
nanenso ndidawomba.

Lolemba m'mawa kudabwera mtsikana, Tamika dzina lake,
wamupeza malo kusukulu ya unamwino ku Ekwendeni.
Wakuda bii, ngati usiku wa mwezi wa Juni.
Ndidazimitsa nyale yanga yolusa ija,
ndidatsegula zenera lomwe lidachita dzimbiri,
ndidamutembenuzira kumene kumachokera dzuwa lofooka.
Ndidadikira mtambo udutse.
Kamodzi kokha: tcha!

Adayang'ana nthawi yaitali.
Adagwira tsaya lake, kenako tsaya la pakompyuta.
"Ndine ameneyu?"
Ndidati ndinu.
Adamwetulira, mano onse poyera,
kenako adayang'ana kukhomo ngati kuli womumvera.
"N'chokongola, bwana.
Komabe mundiyeretseko. Pang'ono pokha."

Ndidatsuka ziwiri.
Adalipira chimodzi, nachikulunga m'pepala kuopa mvula.

Chinacho ndidachikhoma pamwamba pa galasi lobenthuka,
pomwe aliyense amayang'ana akamakonza kolala.
Ena amafunsa kuti adajambula ndani.
Dzulo mkulu wina wa ku Luwinga adachiyang'anitsitsa,
adakhala pampando, adawongola mapewa,
adatsegula pakamwa.
Ine chala chili kale pakamzere.
Iye adangoti, "Zenera lija, tatsegulani."